Mpata Umene Buku la Raphael Linatseka

Amene anandilakwira ine Hezron Luhanga wa ku Katowo ndi Raphael Kamtedza, mnyamata wophunzira wa ku Dedza, yemweyo amene akufuna kukwatira mwana wanga Tionge. Anandilakwira mwezi wa Juni chaka chino. Iye amati mbali ina ya mlanduwu ndi ya yunivesite yake. Koma yunivesite sinakhalepo pakhonde langa, ndipo sinamwepo madzi a mumtsuko mwanga. Amene anakhala ndi kumwa ndi iyeyo.

Anafika kuno zaka ziwiri zapitazo nthawi yokolola, atakhala pamwamba pa matumba m'pikapu yochokera ku Boma, fumbi litamuyeretsa mpaka nsidze. Anati akuchita kafukufuku wa anthu okhala m'mphepete mwa Vwaza, makamaka ife amene makolo athu anasamutsidwa m'katimo pamene malowo anasiyidwira nyama. Anthu a kafukufuku ine ndawaona kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Amabwera ndi zipewa zikuluzikulu, amafunsa kuti mumadya kangati, amakujambulani pafupi ndi nkhokwe, basi mwawaona komaliza. Ine ndinkangowayankha zimene akufuna kumva kuti achoke msanga.

Raphael chimene chinamuvuta ndi Chitumbuka. Mawu amene ankadziwa ndi yewo basi, zikomo wa kwathu kuno, ndipo ankawanena paliponse, ngakhale tsiku limene mayi wina anamulalatira chifukwa choponda mbatata zake. Anthu anamumvera chisoni n'kumulozera kwa Tionge, amene amasoka zovala pakhonde la sitolo ya a Chirambo pamsika. Mwana wangayu anafika Fomu 4, Chichewa ndi Chingerezi amalankhula bwino. Anagwirizana kuti masana azivundikira makina ake n'kumayenda naye m'midzi kukamumasulira.

Ntchito yomasulira itatha, zovala za Raphael zinayamba kung'ambika pafupipafupi. Sabata ino thumba, sabata yamawa zipi. Mlongo wanga Dinah, amene Tionge amamutcha ankhazi, ndipo ndi amene wamulera chitisiyireni mayi ake Lena, anandiuza kuti anamuona mnyamatayo kuseri kwa chigayo akudula yekha batani la malaya ake ndi lezala. Nditamufunsa Tionge anati iye ndi telala, ndipo telala sabweza kasitomala. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi, akumwetulira mbali imodzi monga ankachitira Lena akabisa nkhani.

Tsiku lina madzulo Raphael anakhala nane pakhonde, kafoni kake kojambulira mawu kali pamphasa, Tionge atakhala chapatali. Sanafunse za chakudya kapena za njovu. Anafunsa dzina la bambo anga ndi kumene agona. Pa onse aja a zipewa, palibe mmodzi anandifunsapo zimenezo. Pakamwa panga panatseguka.

Ndinamuuza kuti adada anagona m'katimo, pansi pa mtengo wa muwanga, pafupi ndi kamtsinje kouma. Ndinamuuza kuti chaka chilichonse moto wa tchire usanayambe ndimatenga khasu, n'kukwawa pa mpata umene njiri zinakumba pansi pa mpanda wotchinga nyama pamene kamtsinjeko kamatulukira, kukalambula manda kuti moto usawadutse pamwamba. Sinditchera msampha, sindidula mtengo, ngakhale bowa sinditola. Ndimalambula, ndimakhala pansi, ndimawauza adada za mvula, za amene wamwalira ndi amene wabadwa, n'kubwerera. Njira ya chilolezo amati ilipo, koma amakuperekeza munthu wa mfuti. Ungalankhule bwanji ndi bambo ako mlendo ataima pambali akuyang'ana wotchi?

Nditatha ndinachita mantha, ndipo ndinamufunsa kumene mawu angawo akupita. Anati dzina langa lisanduka nambala, ndipo bukulo likaikidwa pashelefu mu laibulale ya kuyunivesite, kumene ngakhale mbewa zimagona tulo zikafika tsamba lachiwiri. Ndinaseka. Ndinali nditaiwala kaye kuti munthu akakuseketsa uzigwira thumba.

Mwezi wa Meyi chaka chino anatumiza thenga, a Mtende Harawa, mphunzitsi wopuma ntchito, kudzanena kuti kwa a Luhanga aonako maluwa. Ndinawauza kuti ndikambirana kaye ndi abale, monga mwa mwambo. Koma mumtima ndinali nditavomera kale.

*

Greyson Msiska ndi amene amatsogolera anyamata olambula ndi kukonza mpanda wamagetsi chigawo chathu chino. Ali ndi njinga yamoto ndi nyumba ya malata, ndipo wakhala akumufunsira Tionge kuyambira kalekale, Tionge n'kumamuyankha ndi phokoso la makina. Loweruka lina anandipeza tikusewera bawo pansi pa mtengo wa mango pamsika. Anazimitsa njinga, anapereka moni kwa onse mwaulemu, kenako anati a Luhanga mwatchuka, akukuwerengani mpaka ku Ulaya.

Anatulutsa foni. Anati buku la mlendo wathu uja lili pa intaneti, aliyense atha kuliwerenga ulere, iye walipeza pongolemba mawu oti Katowo ndi mpanda. Anayamba kuwerenga m'Chingerezi n'kumamasulira pang'onopang'ono, ngati mlaliki wofuna kuti a kumbuyo amve. Munthu nambala 14, wachikulire, amakwawa pa mpata wa njiri pa kamtsinje kouma. Muwanga unalimo. Khasu linalimo. Ngakhale za munthu wa mfuti woyang'ana wotchi zinalimo, monga momwe ndinanenera.

A Chirambo anandithandiza. Anati achikulire kuno ndi ambiri, ndipo amene makolo awo anatsala m'katimo ndi ambirinso, nambala 14 atha kukhala aliyense. Greyson anavomera kuti n'zoona. Kenako anakankha chala pafoniyo kubwerera kumayambiriro kwa buku, pa tsamba limene olemba amathokozapo anthu, n'kuwerenga mawu awa:

"Ndikuthokoza T. L. wa ku Katowo, amene anandibwereka lilime lake n'kutenga mtima wanga ngati malipiro. Ndikuthokozanso bambo ake, amene anandiphunzitsa kuti mpanda suletsa mwana kukaona kholo lake."

Palibe anaseka. Mmodzi anagwetsa nkhomo za bawo n'kuyamba kuzitola imodziimodzi. Greyson anati zamupweteka mtima, koma ntchito ndi ntchito, mpata umene wadziwika ndi dziko lonse iye sangausiye. Lachitatu anyamata ake anapita ndi miyala, simenti ndi waya. Njiri zinakumba mpata umenewo zaka zambiri. Iwo anautseka dzuwa lisanapendeke.

*

Tionge sanadye tsiku limenelo. M'mawa mwake, poganiza kuti ndapita kudimba, anayamba kumvetsera mauthenga a mawu a Raphael uku akusita. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikunola chikwanje, ndipo ndinasiya kunola. Mnyamatayo ankalankhula mofulumira. Uthenga woyamba anati pali kusamvana penapake. Wachiwiri anati watsegula bukulo ndipo waona yekha. Wachitatu sananene kanthu, kunkangomveka kupuma ndi magalimoto akudutsa, kenako anati akubwera. Tionge anaubwereza wachitatuwo mpaka makala a mu ayironi anazima.

Anafika Lachisanu, fumbi lomwe lija pansidze. Sindinamupatse mpando. Ananjuta pabwalo, chipewa chili m'manja, n'kufotokoza. Anati chaka chimene ankamaliza, yunivesite inakhazikitsa lamulo loti kafukufuku aliyense wa ophunzira ndi aphunzitsi aziikidwa poyera pa intaneti, kuti aliyense awerenge osalipira. Anati munthu amaloledwa kupempha kuti buku lake libisidwe kaye ngati lingapweteke anthu amene analankhula naye, koma pempholo limayenera kupita buku lisanalowe. Iye sanapemphe. Anaona kuti nambala yakwanira. Tsamba lothokoza analilemba pomalizira, m'mawa wa tsiku lopereka bukulo, mutu wake uli kwa Tionge, ndipo sanaganize zoliika pafupi ndi mawu a nambala 14 kuti aone mmene ziwirizo zikulozerana.

Akanathera pamenepo mwina ndikanamupatsa madzi. Koma ophunzira satha kusiya kuphunzitsa. Anati lamulolo palokha si loipa. Anati pamene ankayamba kafukufuku anapeza zolemba zambiri za Katowo ndi Kazuni, zolembedwa ndi aja a zipewa, zotsekeredwa kunja kwa dziko, ndipo iye mwana wa m'Malawi ankauzidwa kuti alipire kuti awerenge mawu a agogo a kuno. Lamuloli, anatero, linabwera kuti mawu a anthu abwerere kwa eni ake.

Ndinamuyankha kuti ndamva. Aja ankaba n'kukabisa, iye waba n'kumwaza pamsewu, ndipo akufuna ndimuyamike chifukwa sanagulitse.

"Ndinakufunsa kuti mawu anga akupita kuti," ndinatero. "Unati pashelefu."

"Nthawi imeneyo zinali choncho, adada."

"Nanga zitasintha, foni ya Tionge inali itatayika?"

Anapinda chipewa chija m'manja. Kenako anati analakwa, adada.

"Usanditchule adada. Adada ndi aja ali kuseri kwa simenti."

Madzulo ake ndinatuma mawu kwa a Harawa kuti asavutikenso kubwera, maluwa aja ali ndi mwini munda. Tionge anamva ali m'khitchini. Mbale anazitsuka nthawi yaitali kuposa kuchuluka kwake.

*

Zimene zinachitika pamsika tsiku lotsatira ndinamva kwa Dinah, amene amagulitsa tomato pafupi ndi khonde la Tionge. Dinah amathira mchere pankhani, koma izi ananena akupukuta maso ndi chitenje, choncho ndikuzikhulupirira pang'ono.

Akuti Raphael anaima patsogolo pa makina nthawi yaitali, Tionge akusoka yunifomu ya mwana wasukulu osadzutsa mutu. Kenako Tionge anamufunsa kuti lero chang'ambika n'chiyani. Raphael anati palibe. Tionge anati ndiye apatuke, akutchinga kuwala. Anapatuka, koma sanachoke.

"Unandilemba m'buku lako osandifunsa," anatero Tionge.

Raphael anati ankafuna adzamuonetse tsiku lolandira digiri, atavala mkanjo, anthu akujambula. Anati usiku wonse ankafuna mawu oyenera, ndipo atawapeza anasangalala ngati mwana, osaona china chilichonse.

Tionge anaimitsa makina. Anati mawuwo iye wawamva m'kamwa mwa anthu a pamsika, aliyense akuwonjezera zake, ndipo akufuna awamve kwa mwini wake. Raphael sanatulutse foni. Anawanena pamtima, m'Chingerezi kaye, kenako m'Chichewa, motsitsa mawu, mpaka Dinah anachita kusendeza beseni la tomato kuti amve. Atamaliza, Tionge anati anenenso. Ananenanso.

"Ndi mawu okoma chomene," anatero Tionge. "Palibe munthu anandilemberapo zotere, ndipo sindikhulupirira kuti adzapezekanso. Koma atsekera adada kunja, Raphael. Ndikamawakumbukira ndimasangalala, kenako ndimachita manyazi kuti ndasangalala."

Anamuuza kuti apite akalichotse bukulo. Raphael anati akapempha, koma adziwe kuti si nkhani yaing'ono. Ntchito yothandizira kuphunzitsa imene amupatsa kuti ayambe mwezi wa Seputembala ikuchokera kwa amene analipirira kafukufukuyo, ndipo iwo amafuna buku likhale poyera. Kupempha kuti lichotsedwe ndi kuvomera kuti sanateteze munthu amene anamukhulupirira, ndipo pamenepo akuluakulu atha kuunikanso zonse, ngakhale digiri imene. Ntchito imeneyo ndiyo ankadalira kuti apeze nyumba yoti akhalemo awiriwo.

Tionge anati asamuuze mitengo ya zinthu, iye si sitolo ya a Chirambo. Kenako anaona kuti batani lachiwiri la malaya a Raphael palibe. Anamufunsa ngati lezala ija akadali nayo. Raphael anachita manyazi, chifukwa sankadziwa kuti za lezala zinadziwika, ndipo analumbira kuti ili lokha lathothoka m'pikapu. Tionge anafufuza m'kachitini kake, anapeza batani losafanana kwenikweni ndi enawo, anamuuza kuti aime chilili, n'kulisoka malayawo ali m'thupi. Atamaliza anaweramira pachifuwa pake kuti adule ulusi ndi mano, ndipo akuti anakhalitsa pamenepo kuposa mmene ulusi umafunira.

"Pita," anatero. "Usabwere chimanjamanja."

Yunifomu ija anachita kuisula yonse, chifukwa msoko unali utapita chokhota.

*

Juni anatha, Julayi anatha. Mphepo ya Ogasiti inayamba kuwomba, udzu wa m'katimo unayera. Ine ndimaudziwa udzu umenewo. Ukafika pamenepo umangodikira munthu mmodzi wofula njuchi kapena kandudu kamodzi. Chaka chilichonse nthawi ngati imeneyi manda a adada amakhala atalambulidwa kale, poyera ngati pabwalo la nyumba ya mkazi waukhondo. Chaka chino m'mawa uliwonse ndinkapita kukaima pa simenti paja, khasu lili paphewa, n'kumayang'ana nsonga ya muwanga imene imaonekera patali.

Raphael ankatumiza mauthenga kuti walemba pempho, kuti aphunzitsi ake omuyang'anira akwiya, kuti nkhani yapita ku komiti. Tionge ankamvetsera kuchipinda kwake, ndipo tsopano ankatsitsa mawu. Nthawi zina ndinkamumva akuseka pang'ono. Ndinkadabwa kuti mnyamatayo akupeza kuti zoseketsa.

Greyson anabwera Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, Tionge atatsalira ku kwaya. Njinga anaisiya patali kuti isachite phokoso. Anabweretsa botolo la uchi, anagwada popereka, ndipo anakana mpando mpaka nditamukakamiza. Ulemu wotere ine ndimauopa kuposa chipongwe, koma ndinamumvera.

Anati tulo sakugona chifukwa cha simenti ija. Anati iyenso agogo ake anatsala m'katimo, ngakhale sakudziwa pamene anagona. Kenako anati kumtunda kwa kamtsinje kuja kuli kageti kakang'ono kolowera ogwira ntchito, ndipo kiyi wake amasunga ndi iye. Munthu wamba sangamutsegulire, angachotsedwe ntchito. Koma mkamwini sangalole kuti agogo a mkazi wake apse ndi moto iye ali ndi kiyi m'thumba. Pamenepo ngakhale akuluakulu atamva, angamvetse kuti ndi nkhani ya pabanja.

Sindinamuvomere. Ndinangoti ndamva. Uchi ndinalandira chifukwa mphatso ya mlendo sibwezedwa. Amene akufuna kundiweruza ayambe waima pa simenti paja mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuwomba kuchokera kumene kuli utsi.

*

Raphael anabwera kumapeto kwa mweziwo. Anandipeza pampanda m'mawa, Tionge akumutsogolera njira. Anali atawonda, ndipo ananyamula khasu latsopano la m'sitolo, mpini wake wosasema bwino, loti likhoza kumutupitsa manja asanalime mzere umodzi. Batani losafanana lija linali pamalo pake.

Ananjuta monga kale, n'kunena zimene komiti yayankha. Tsamba lothokoza avomera kulichotsa, ndipo achotsa kale. Koma anthu amene anatsitsa bukulo m'mafoni ndi m'makompyuta awo ali nalo lonse monga linalili, ndipo zimenezo palibe angazibweze. Kuti buku lonse lichoke pa intaneti, lamulo lawo likuti munthu amene wapwetekedwa aonekere yekha pamaso pa komiti, anene dzina lake, avomere kuti nambala 14 ndi iye, ndipo zilembedwe.

Ndinamufunsa ngati akumva zimene akunena. Pamsika anthu akungonena, ndipo zonena zimauluka. Koma ine ndikapita kukaima pamaso pa anthu a mataye n'kuvomera ndi pakamwa panga kuti ndakhala ndikulowa m'malo a nyama popanda chilolezo zaka zonsezi, pepala limenelo lidzagona pashelefu iti? Raphael anati n'chifukwa chake sakundipempha kuti ndipite. Anati wawauza kuti ngati pakufunika wina wolangidwa alange iyeyo, ndipo ntchito ija wawauza kuti aipereke kwa wina mpaka nkhaniyi ithe. Tionge anatembenuka kumuyang'ana. Zikuoneka kuti zimenezi sanamuuze pafoni.

Ananenanso kuti mayi wina wodziwa malamulo wawerenga bukulo ndipo wamulembera, akufuna kuthandiza mabanja onse kuti aziloledwa kukaona manda a makolo awo mwaufulu. Anati chikhala kuti buku linali pashelefu, mayiyo sakanadziwa. Ndinamuuza kuti mayiyo abwere ndi chipewa chake, ndimuonetsa nkhokwe yojambulirapo.

Sanatsutse. Anaima, anayandikira waya mpaka pamene amaloleza, n'kundifunsa kuti mtengo wake ndi uti. Sindinafune kumuonetsa, koma dzanja langa linaloza lokha. Anavula chipewa. Kenako anayamba kulankhula molunjika kumtengowo m'Chitumbuka, Chitumbuka chopindika ngati msoko wa yunifomu ija, mawu aliwonse akuwatola payekhapayekha. Anatchula dzina la adada molondola. Anawauza kuti iye ndi mlendo wochokera ku Dedza, kuti ndi amene watsekereza mwana wawo, kuti mwana wawo sanawaiwale, ali pano ndi khasu. Anapempha kuti mkwiyo wawo ugwere iye, usagwere Hezron kapena Tionge. Pena ankaiwala, Tionge n'kumunong'oneza, iye n'kubwereza. Ndinazindikira kuti izi ndi zimene ankaphunzitsana pafoni masiku onse aja, ndipo kuseka kuja kunali kuseka Chitumbuka chake.

Ndinayang'ana kumbali chifukwa mphepo inali ndi fumbi. Nditabweza maso ndinaona Tionge atagwira dzanja lake, pamaso panga, zimene mwana woleredwa bwino sachita. Sindinamudzudzule. Ndinaganiza za Lena, mmene anandigwirira dzanja tsiku loyamba limene ndinapita naye pansi pa muwanga kukamuonetsa kwa adada. Ndinatsala pang'ono kuuza mnyamatayo kuti mpini wa khasu lakelo abwere nawo kunyumba ndimusemere bwino.

Pamenepo njinga yamoto inamveka. Inkabwera m'kanjira ka ogwira ntchito, mbali ya m'kati mwa mpanda. Greyson anaima moyang'anana nafe, waya uli pakati. Anayang'ana manja awiri ogwiranawo, anayang'ana khasu latsopano, n'kumwetulira. Anandipatsa moni wautali. Kenako anagwedeza kiyi amene anali pa chingwe m'khosi mwake.

"Uchi uja mwaumva bwanji, adada? Dzulo moto unali cha ku Kazuni. Ine ndikungodikira yankho lanu lija, kageti sikachedwa kutsegula."

Analiza njinga n'kupita. Fumbi lake linatipeza kudzera mu waya.

Tionge sanafune kumasuliridwa. Uchi anauona kunyumba, ndipo ndinali nditamuuza kuti ndagula. Anandifunsa modekha kuti Greyson wapempha chiyani posinthana ndi kiyi. Ndinati nkhani za akuluakulu sizikambidwa patchire. Anafunsanso.

"Adada, munamukana?"

"Ndinati ndamva."

"Munamukana?"

Ndinamuuza kuti ayang'ane udzuwo mmene waumira, ndipo akumbukire kuti amene agona apowo ndi amene anamupatsa dzina la Luhanga.

Anasiya dzanja la Raphael pang'onopang'ono, ngati akuika pansi chinthu chosweka. Raphael anayamba kunena kuti adada sanatanthauze zimenezo, koma Tionge anamuuza kuti asamumasulire bambo ake, womasulira ndi iye.

"Wina wandilemba m'buku osandifunsa," anatero. "Wina wandipachika pa kiyi osandifunsa. Nonse mukuti n'chifukwa cha chikondi. Ndikukukondani nonse awiri, ndipo ndatopa."

Anabwerera yekha kumudzi. Ife tinatsala pamenepo, amuna awiri ndi makasu awiri.

*

M'mawa mwake Tionge anamasula makina ake pa thebulo, anawakulunga m'bulangete, n'kukwera pikapu yoyamba. Dinah anamuperekeza mpaka pa siteji. Akuti Tionge ali ku Mzuzu kwa msuweni wake Kezia. Foni ya Raphael sakuyankha. Yanga anayankha kamodzi, kundifunsa ngati ndikumwa mankhwala a miyendo, n'kudula ndisanafunse za kubwera kwake. Dinah akuti asananyamuke anamusiyira kachitini ka mabatani kuti akapereke kwa mnyamata wa ku Dedza, popanda uthenga uliwonse. Mnyamatayo akuti wakhala akufunsa aliyense ngati zimenezo zikutanthauza kuti adikire kapena kuti azidzisokera yekha.

Raphael sanabwerere kwawo. Wapeza kachipinda kuseri kwa chigayo, pamalo pomwe ankadulira mabatani. M'mawa uliwonse amabwera kudzakhala pa chitsa m'mphepete mwa bwalo langa, amati monire adada, ine sindiyankha, amakhala pang'ono n'kupita. Mpando sindinamupatse. A Harawa anadutsa dzana kudzafunsa ngati pali mawu atsopano oti apititse, ndinati palibe. Greyson watumiza thenga wake, ndipo akuti abwera Loweruka.

Komiti ya kuyunivesite akuti idzakhalanso mwezi wa Novembala. Lamlungu lapitali utsi unakwera kumtunda kwa kamtsinje kouma kuyambira masana, ndipo Lolemba m'mawa nsonga ya muwanga inaoneka yakuda mbali imodzi. Buku la Raphael Kamtedza likadali pa intaneti. Mpata uja ndi wotseka. Manda a adada chaka chino sanalambulidwe.